Chaka Chimene Amalume Anagwetsa Nkhokwe

Makwerero a kunkhokwe kwathu anali mitengo iwiri yokhota, yolumikizidwa ndi timitanda tomanga ndi luzi. Anali akale moti chiswe chinkawalemekeza: chikafika patsinde pake chinkawomba m'manja, n'kulambalala kukadya mpini wa khasu. Wina aziti ndikuwonjezera, koma ndinaona ndi maso angawa, ndipo ine ndinakulira m'banja la mpingo, bodza sindidziwa ngakhale kumene limagona. Mtanda wina wapakati unkalira ukapondedwa, kulira kwa kamwana ka mbuzi. Tikangomva kulirako tinkadziwa kuti dzuwa lafika paliwombo, ndipo amayi achoka padziko.

Nkhokweyo inali kuseri kwa nyumba, m'mudzi mwathu pakati pa Sinda ndi Katete, kumene mkokomo wa malole a pamsewu wa ku Lusaka umafika utatopa kale. Inali yoluka ndi nsungwi, yomata dothi mkati ndi kunja, yokhazikika pamiyala, ndi kadenga ka udzu pamwamba. Chimanga munalibe. Masiku amenewo anthu anali atayamba kusunga chimanga m'matumba m'nyumba, kuopa akuba ndi anankafumbwe, choncho nkhokwe zambiri zinangogwa zokha. Yathu inatsala chiimire chifukwa amayi ankalowamo. Tsiku lililonse tikatha kudya chamasana, ankakwera, kutukula kadenga kaja, kutsikira mkati, n'kudzivundikira ngati ndiwo. Ankakhalamo nthawi yoti munthu angapite kudambo ndi kubwerako osathamanga. Lamulo lawo linali limodzi: "Mundiitane nyumba ikamapsa. Ikakhala khitchini yokha, thirani madzi."

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa phokoso la pakhomo pathu. Atate anali ku Lusaka, kulondera geti la munthu wina, ndipo tinkawaona pa Khirisimasi. Pakhomo panali ife ana awo, ana a malemu amayi aang'ono, ndi agogo aamuna amene ankaitana amayi kuti awafunire fodya, fodyayo ali m'manja mwawo. Mawu oti "amama" ankayamba tambala asanatsike mumtengo. Amama, mchere. Amama, wanditsina. Amama, mbuzi yalowa m'nyumba. Amama, taonani ndaima ndi mwendo umodzi. Tinawaitana mpaka nkhuku zinaphunzira. Panali thadzi lina lofiira limene likaikira dzira silinkatetera ngati anzake, linkangoti "amama". Ndikanakubweretserani kuti mudzimvere nokha, koma tinalidya pa ubatizo wa mng'ono wanga.

Amayi ankalowa m'nkhokwe ali ngati nzimbe yotafunidwa kale. Ankatuluka ali munthu wina, nkhope yosalala, mawu otsika. Kumunda chakumadzulo, anzawo akamakoka miyendo, iwo ankatola thonje ngati ali ndi manja anayi, uku akung'ung'udza nyimbo imene palibe anaimvapo. Ndipo zokolola zikatha, nyengo imene amayi a m'mudzi amazira nyumba ndi kulemba maluwa pazipupa, chipupa chathu sichinkafanana ndi cha munthu, ngakhale ndi chathu chomwe cha chaka chatha. Ena ankabwereza duwa lomwe lija la masamba anayi. Amayi ankatenga katondo wofiira, mtsiro wakuda wa kudambo, phulusa loyera ndi unga wa m'mabatire akutha, n'kujambula mapiri a Katete, mtsinje wosochera, nkhanga zikuthawa. Chaka china nkhanga yawo inaoneka yamoyo moti galu wa amalume anailumphira n'kuguluka dzino. Galuyo anakalamba ndi chibwano chopendekeka, aliyense wa kwathu angakuuzeni.

Ine ndinali kamtsikana kamene kanali katangoyamba kuwerenga, ndipo funso la m'nkhokwe ndinali nditaliyankha kale: shuga. Munthu wamkulu angadzitsekere chifukwa cha chiyani china? Tsiku lina amayi ali kuchitsime ndinakwera, sipuni ili m'chiuno.

Munali mdima wofewa, wonunkhira dothi, gaga wakale ndi makoswe amene anasamuka chifukwa cha njala. Kuwala kunkalowa m'ming'alu ngati masingano. Pansi panali chiguduli cha thumba, chosalala ndi kukhalidwa. Phokoso la mudzi linkamveka kutali, ngati la mudzi wa eni. Pachipupa chonse mozungulira panali mizere yokanda ndi kamtengo: mapiko, mapiri, timadontho, ina yofufutidwa ndi chikhatho, ina yodutsa pamwamba pa inzake. Shuga munalibe. Ndinanyambita ngakhale chipupa kuti ndisawanamizire. Ndinakhala pansi kuti ndilire, koma m'menemo kulira kunkakanika. Ndinangomva mtima wanga ukugunda m'makutu, chinthu chimene ndinali ndisanamvepo chibadwire, ndipo ndinathawa.

Chaka chimene ndikunenachi, mbozi zinalowa m'minda ya thonje. Lathu linapulumukako chifukwa amayi ankayenda mzere ndi mzere m'mawa uliwonse, kutembenuza masamba ndi kuphwanya mbozi ndi zala, ntchito imene ambiri anaigwira sabata imodzi n'kuisiyira Mulungu. Pofika nyengo yachisanu, munda wathu unali mbuu, minda yoyandikana nayo ili mawangamawanga. Apo ndi pamene mawu oti mfumba anayamba kumveka kuchitsime. Mfumba ndi mankhwala amene amati munthu amakokera nawo zokolola za anzake m'munda mwake.

"Munthu wabwinobwino angamakakhale m'nkhokwe yopanda chimanga? Akudyetsa chiyani m'menemo?"

Funso limeneli linayenda, ndipo poyenda linanenepa. Kuchigayo inali njoka. Kutchalitchi, anthu akudikira kulowa, njokayo inali itavala duku ndipo inkadya phala la nsinjiro. Nkhaniyo pofika ku Sinda, njokayo inali itagula njinga yonyamulira thonje la eni. Kusukulu anzanga anasiya kundibwereka labala, ndipo mtsikana wina anandifunsa ngati njokayo timaitchula kuti amalume kapena achimwene. Ndinamuluma pakhutu. Sindinalape mpaka lero.

Pano ndine telala pamsika wa Katete, ndipo ndaona zambiri, choncho ndinene. Anthu athu amakhululuka. Amakhululukira woledzera, wamiseche, ngakhale wakuba mbuzi akabweza chikopa. Koma mkazi wokhala yekha phee, osadwala, osalira, osasenda ngakhale nsawa, ameneyo samukhululukira. Mwamuna akakhala pansi pa mtengo tsiku lonse amati akuganiza. Mkazi akakhala pang'ono amati ali ndi njoka. Ine masana ndimatseka chitseko cha shopu, kuzimitsa foni, kuphimba makina ndi chitenje. Makasitomala amagogoda: "Amai, tsegulani, tiziba muli mukati!" Nanenso ndimadziwa kuti ndili mkati. Agogode mpaka zala zitupe. Madiresi amene amawakonda aja, a makolala amene sapezeka pa telala wina, amachokera mumdima womwewo.

Koma tibwerere kumudzi. Amalume anali mlongo wawo wa amayi, wamkulu, mwini mbumba, amene mawu awo pa ife ankaposa a atate. Sanali munthu woipa. Ankangoopa manyazi kuposa mkango, ndipo anali ndi liwu loti akatsokomola kwathu, ku Vubwi ankayankha kuti pepani. Anabwera, n'kukhala pampando, chipewa pabondo.

"Mlongo, anthu akulankhula."

"Ali ndi pakamwa, alongo."

"Leka za m'nkhokwezi. Uli ndi ana aakazi. Adzawakwatira ndani pakhomo pa mfumba?"

Amayi anawapatsa madzi akumwa mogwada, monga mwa ulemu wake. Dzuwa litafika paliwombo, amalume adakali pampando, mtanda uja unalira.

Nkhani inakafika kwa akulu a mpingo. Anagamula kuti aphunzitsi a pasukulu pathu, amene analinso mkulu wa mpingo, akaone m'nkhokwemo. Mukapezeka kanthu, amayi aimitsidwa pa mgonero ndi kuvula yunifolomu ya chigwirizano. Aphunzitsiwo anali munthu wowonda, wachoko m'tsitsi, amene ankaphunzitsa kalasi ya ana ochuluka moti akumbuyo ankamva phunziro la Lolemba litafika Lachitatu. Anabwera Loweruka masana. Mudzi wonse unabweranso, n'kuima patali ndithu, pamalo oti njoka ikatuluka munthu ayambe bwino liwiro. Amayi anakhala pakhonde, akusenda nsawa.

Aphunzitsi anapemphera, anavula jekete, anakwera, anatsikira mkati. Kadenga kanabwerera m'malo mwake.

Ziii.

Tinadikira. Mthunzi wa mtengo wa mango unasuntha. Mwana wina amene anabwera ali kumsana anatsika, anaphunzira kuyenda, n'kupita kwawo yekha. Akazi awo a aphunzitsi anayamba kufunsa anzawo nyimbo yoyenera pamaliro a mkulu wa mpingo. Potsiriza amalume anasendera, nkhwangwa m'manja, n'kugogoda pachipupa ndi chala chimodzi.

"Aphunzitsi, muli moyo?"

Mawu anatuluka mofatsa, ngati ochokera pansi pa chitsime: "Tandipatsani kanthawi."

Atatuluka anali ndi fumbi kumsana ndi maso a munthu amene wagona pa matiresi a kuchipatala. Anaima pamwala n'kulengeza kuti mulibe njoka, mulibe nyanga, mulibe mphika; muli zojambula zimene mayiyu amayeserera asanazilembe panyumba. Atavala jekete anadutsa pakhonde, ndipo ine ndinali pafupi, ndinamva akunong'ona: "Mayi, kodi Loweruka lililonse mumakhalamo, kapena pamakhala mpata?"

Mukanaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ayi. Anthu anabwera kudzaona njoka, ndipo munthu amene wayenda ulendo kudzaona njoka sabwerera ndi zojambula. Anati aphunzitsi awadyetsa. Anati taonani mmene atulukira akumwetulira, munthu uja chiyambire anamwetulirapo? Amalume anamva zonsezi, tsiku ndi tsiku, mpaka makutu anawatentha. Ndiye amayi atapita ku Vubwi kumaliro a kuchimuna, iwo anabwera ndi nkhwangwa ija.

Nkhokweyo sinalimbane nawo. Inapendekeka, inabuula, inagwa, fumbi lofiira kobo. Zojambula zonse zinasanduka zibuma, apa phiko, apo theka la phiri. Nsungwi anazisonkhanitsa n'kuziotcha. Panatsala miyala yokha, yozungulira ngati mafuwa a chimphona. Amalume anapukuta thukuta n'kutiyang'ana ife ana aakazi. "Ndachitira inu," anatero. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, ndipo n'chimene chimandikwiyitsa mpaka lero. Zinthu zambiri zabwino kwathu zagwetsedwa ndi anthu otichitira ife.

Amayi atabwera anatula katundu, anapita kuseri, anaima. Tinkadikira mkuwo. Anangotembenukira kwa amalume n'kuti, "Zikomo, alongo," n'kukaphika.

Masabata otsatirawo sindiwakonda. Amayi anayesa malo ena. Anayesa kuchimbudzi, koma tinkaima pakhomo n'kumafunsa mafunso kudzera pachiguduli. Anayesa kumunda, koma agogo ankatuma mwana kukanena za fodya. Anayesa kudzifunditsa chitenje pamphasa, anthu n'kubwera kudzazonda matenda. Pang'onopang'ono anayamba kutha ngati sopo. Ndiwo ankathira mchere kawiri, kapena osathira n'komwe. Kung'ung'udza kunaleka. Mng'ono wanga anamenyedwa chifukwa chopuma mokweza. Mitengo ya thonje, imene imayenera kudulidwa ndi kuotchedwa ukamaliza kutola, inatsala chiimire m'munda mwathu mokha, ndipo anthu anati ehe, njoka yapita, mphamvu zapita.

Mphepo ya mwezi wa Ogasiti inayamba, yonyamula fumbi ndi timapepala. Anthu anali kukonzekera mwambo waukulu wa chaka ndi chaka wa ku Mkaika, ndipo nyumba iliyonse inali kuziridwa kuti alendo odutsa aone. Amayi anakatenga katondo ndi mtsiro, anasakaniza m'mabeseni, anazira chipupa chonse bwinobwino. Kenako anaima patsogolo pake, kansanza kolembera kali m'manja. Anaima mpaka dothi la m'beseni linauma n'kung'aluka. Potsiriza anatambasula dzanja n'kulemba duwa la masamba anayi, lomwe lija la aliyense. Analiyang'ana. Analifufuta ndi chikhatho, n'kukhala pansi pomwepo, manja ali pamiyendo ngati a eni.

Za njoka sizinandiopsepo. Tsiku limenelo ndiye ndinaopa.

M'mawa mwake ntchito inayenda monga mwa masiku onse. Koma titatha kudya chamasana, amayi anatenga thumba, anapita kuseri, analowa pakati pa miyala ija, anayala, anakhala. Miyendo anatambasula, duku anatsitsira pamphumi, maso anatseka. Panalibe chipupa, panalibe denga. Dzuwa linali lowawula nkhuku nthenga. Njira ya kuchitsime inkadutsa pomwepo, ndipo amayi ena amene anayamba kudutsa anaima ndi ndowa pamutu mpaka khosi linawakumbutsa. Posakhalitsa panali gulu. Wina anathamanga kukaitana amalume.

"Mlongo, dzuka. Ukundichititsa manyazi."

Amayi sanatsegule maso. "Munkati ndimabisa. Chipupa mwachotsa nokha. Yang'anani tsopano, yang'anitsitsani, mukawauze anzanu kutalika kwake kwa njokayo."

"Dzuwali likupha!"

"Ndiye mukatenge nkhwangwa, mugwetse nalonso."

Amalume anayang'ana gulu lija. Anavala chipewa, anachivula, anachivalanso, n'kumapita.

Kuonerera munthu amene sakuchita kanthu ndi ntchito yolemetsa, yoposa kupalira. Tsiku loyamba gulu linali ngati la pa mpira. Lotsatira kunabwera okhawo amene anaphonya. Sabata isanathe kunatsala mbuzi, ndipo nazonso zinkangobwera chifukwa cha ulemu. Amayi ankakhala chomwecho tsiku lililonse, osagwedezeka, thukuta likutsika m'khosi, ntchentche zikuchita msonkhano pamphuno. Tsiku lina nkhuku inawayesa chitsa, inakwera pamiyendo, inaikira, inafungatira. Anapiye ake anakula akudziwa kuti amayi ndi agogo awo. Izi mungafunse aliyense amene anadyako nkhukuzo.

M'mawa wina tinapeza mitengo inayi itazikidwa mozungulira miyala, pamwamba pali udzu watsopano. Palibe anavomera. Amalume anadutsa ndi timaudzu m'tsitsi, n'kunena kuti kamthunziko n'ka mbuzi, zikuvutika ndi dzuwa. Amayi anati mbuzizo zathokoza.

Mchere unabwerera m'ndiwo pamlingo wake. Mitengo ya thonje inadulidwa. Ndipo tsiku lina amayi anadzuka pamiyala paja, osalankhula ndi munthu, ananyowetsanso dothi m'mabeseni, n'kuyamba. Anajambula mitu ya anthu, yondondozana kuzungulira nyumba yonse, yofiira, yakuda, yoyera, uliwonse uli ndi kamwa lalikulu lotsegula ndipo wopanda makutu. Panali wa ndowa pamutu, wa chipewa, wa mano awiri. Pafupi ndi chitseko anasiya malo ozungulira osalembapo kanthu, osalala, ofiira bwino. Mudzi wonse unabwera kudzaona, ndipo aliyense anazindikira mnzake, palibe anadzizindikira yekha. Amalume anaseka mpaka misozi poona wa chipewa uja, ati ndi aphunzitsi. Lole ina yopita ku Mkaika inaima pamsewu, anthu n'kutsika kudzajambula ndi mafoni. Za mfumba sizinathe, zinangochepa mphamvu. Pali ena mpaka lero amati njokayo inasamukira ku Mozambique. Amayi sanavule yunifolomu, ndipo pamiyala paja sanachokepo.

Koma ine ndinali ndi mlandu wanga ndi iwo, umene sindinauze munthu. Kale ndinkati amathawira shuga, ndipo zimenezo ndinkazimvetsa, nanenso ndikanathawa. Tsopano ndinkawaona ndi maso kuti palibe chimene amatsata. Ndiye kuti ankathawa ife. Ankalolera dzuwa, ntchentche ndi kusekedwa, kusiyana ndi kumva ine ndikuti amama.

Masana ena ndinapita, ndinaima pamphepete pa miyala. Ndinkadikira kuti andithamangitsa. Osatsegula maso, anasendera pang'ono n'kundisiyira mbali ya thumba. Ndinakhala. Ndinatambasula miyendo ngati iwo, ndinatseka maso ngati iwo. Udzu watsopano unkanunkhira. Ndinamva njiwa, ndinamva mtondo kutali, ndinamva mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka pang'onopang'ono. Ndinapirira nthawi yaitali kwambiri, mwina yokwana kumeza malovu kawiri.

"Amama," ndinanong'ona, "tikudikira ndani?"



"Ine," anatero.

"Koma inu muli pompano."

"Sindinafike. Ndikadali m'njira. Khala chete, ungandibweze."

Ndinatsegula maso n'kuyang'ana kunjira, ndikunena zoona, ndinayang'anadi. Ndinayang'ana ya kuchitsime, ndinayang'ana ya kumunda, ndinadzutsa khosi kuyang'ana ya kumsewu. Kunkabwera kamvuluvulu kakang'ono ndi galu wa chibwano chopendekeka. Ndinaganiza kuti dzuwa lija lawalowadi m'mutu, ndipo ndinawamvera chisoni. Sindinkadziwa kuti munthu angagawidwe kuyambira m'mawa, uyu dzanja, uyu khutu, uyu msana, mpaka pofika masana mwiniwake n'kutsala kumbuyo, akutolera zotsala. Ndinangogwira nsonga ya chitenje chawo mwakachetechete, kuti amayi enawo akafika, awa asandisiye.